Azaleya wamfupi: kabzalidwe ndi kasamalidwe ka duwa lokonda nthaka ya tiyi

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, udzu utauma ndipo fumbi litayamba kubuka m'misewu, pali kachitsamba kena komwe kamadzaza maluwa mpaka masamba ake osaonekanso. Ambiri tinakaonapo pa mabwalo a nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi kapena pa mishoni za m'madera ozizira. Maluwa ake ena ndi ofiira, ena oyera, ena apinki, ndipo ena ofiirira mopita ku mtundu wa biringanya. Dzina lake ndi azaleya.

Pa nyengo zingapo zobzala mitengo zapitazi, makomiti a sukulu, magulu a amayi a m'mipingo ndi mabanja ena m'mawodi athu akhala akugula mbande za duwa limeneli pofuna kukongoletsa malo awo. Khonsolo ikuyamikira mtima umenewu, pakuti chitukuko chimaonekeranso pa ukhondo ndi kukongola kwa malo amene timakhala. Komabe madandaulo amene akhala akutipeza ndi ofanana: mbande zinagulidwa ndi ndalama zosonkherana, zinabzalidwa mwachimwemwe, koma chaka chisanathe masamba anachita chikasu ndipo zitsamba zinauma. Kwina tamva za mbuzi zomwe zinadwala zitadya masamba ake. Mavuto onsewa ali ndi zifukwa zodziwika bwino ndipo ngopeweka. Nkhani ino ikufotokoza chimene duwali limafuna, chimene limadana nacho, ndi ngozi imene aliyense woweta ziweto ayenera kuidziwa asanalibzale.

Kwawo kwa azaleya

Azaleya ndi wa m'gulu la zomera lomwe akatswiri amalitcha Rhododendron, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 1,000. Palibe mtundu ndi umodzi womwe wa gululi umene umamera wokha m'tchire la mu Africa, ngakhale kuti abale ake a m'banja limodzi, zitsamba za Erica, amapezeka pamwamba pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Nyika. Azaleya alipo wa magulu awiri: wina amayoyola masamba onse m'nyengo yozizira, wina amakhala wobiriwira chaka chonse. Amene tikukamba pano ndi wachiwiriyu, ndipo kwawo kwenikweni ndi kum'mawa kwa Asia, makamaka ku Japan, China, Korea ndi Taiwan.

Mitundu yambiri yaifupi imene ikugulitsidwa lero inachokera ku Japan, komwe anthu akhala akuisankha ndi kuikwatitsa kwa zaka mazana angapo. Gulu lotchuka kwambiri ndi la Kurume, lomwe linatenga dzina la mzinda wa Kurume pa chilumba cha Kyushu. M'chaka cha 1918 katswiri wofufuza zomera wa ku England, Ernest Henry Wilson, anafika mumzindawu ndi kusankha mitundu 50, yomwe inakafika ku Arnold Arboretum mumzinda wa Boston ku America mu 1919. Ulendo umenewu unathandiza kwambiri kuti azaleya wa Kurume adziwike m'mayiko a azungu. Gulu lina ndi la Satsuki, lomwe limachedwerapo kuchita maluwa. Gulu lachitatu ndi lochokera ku Rhododendron simsii wa ku China, yemwe alimi a maluwa a ku Ghent m'dziko la Belgium anamutukula kuti azibzalidwa m'miphika. Mwa mayina amene mungawaone pa zikwangwani za m'nazale pali Hinodegiri wa maluwa ofiira, Kirin wa maluwa apinki, ndi Gumpo yemwe amayala pansi osakwera kwambiri.

Kudziwa kwawo kwa chomera kumathandiza kumvetsa khalidwe lake. Makolo a azaleya amamera m'mapiri a mvula yambiri, m'mphepete mwa nkhalango, pa nthaka yopepuka yodzala ndi masamba owola. Wofuna kuti duwali limuchitire bwino ayenera kulikonzera malo ofanana ndi amenewo. Mitundu yaifupi imakula pang'onopang'ono, ndipo yambiri imalekezera pakati pa masentimita 60 ndi mita imodzi mulitali ndi mulifupi momwe. N'chifukwa chake imayenera bwalo laling'ono, m'mbali mwa kanjira kapena mumphika.

Madera amene angachite bwino

Tinene mosabisa kuti duwali si la dera lililonse. Limafuna malo ozizira, a chinyezi, monga madera okwera a Thyolo, Mulanje, Zomba, Dedza ndi mapiri a Viphya. Nyengo ya chiperoni ya m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, imene imavutitsa oyanika zovala, kwa azaleya ndi dalitso: kuzizira kumeneko kumathandiza kuti adzamasule maluwa ambiri nthawi imodzi dzuwa likayamba kutentha. Mayiko oyandikana nafe akuchitira umboni zomwezi, pakuti malo otchuka ndi azaleya, monga mapiri a Bvumba ku Zimbabwe ndi Magoebaskloof ku South Africa, onse ndi okwera, a nkhungu ndi mvula yambiri.

Kumadera otsika ndi otentha, monga kuchigwa cha Shire ndi madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja, azaleya wobzalidwa pansi kawirikawiri sapirira kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Anthu a m'mawodi otentha asataye ndalama za gulu pa duwali. Alipo maluwa ena opirira dzuwa, monga bugenivileya, amene angakongoletse sukulu kapena chipatala popanda chisamaliro chochuluka. Wolikonda kwambiri angayese kulisunga mumphika pamthunzi, monga tifotokozere kutsogoloku.

Nthaka ndiye mutu wa nkhani

Mbande zambiri zimafa chifukwa cha nthaka. Akatswiri amayeza kuchuluka kwa asidi m'nthaka ndi muyeso wotchedwa pH, womwe umayambira pa 0 kulekezera pa 14. Nambala 7 ndiye pakati. Pansi pa 7 ndiye kuti nthakayo ili ndi asidi, ndipo pamwamba pa 7 ndiye kuti yapendekera ku laimu. Mbewu zambiri za m'dimba zimakonda nthaka yoyandikira 6 kapena 7, koma azaleya amafuna ya pakati pa 4.5 ndi 6. Tiyi nayenso amafuna nthaka yotere, n'chifukwa chake kumene tiyi amachita bwino azaleya savuta.

Chifukwa chake n'chakuti nthaka ikachepa asidi, mchere wa ayironi umamangika m'dothi moti mizu ya azaleya imalephera kuuyamwa, ngakhale ulimo wambiri. Popanda ayironi chomera sichingapange mtundu wobiriwira wa m'masamba. Chizindikiro chake n'chosasowa: masamba anthete a kunsonga amasanduka achikasu pamene mitsempha yake ikhalabe yobiriwira. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti duwa lasowa chakudya, ndiye amathira phulusa kapena zitosi za nkhuku, osadziwa kuti akuwonjezera vuto lomwelo.

Pali zinthu zinayi zimene tinazolowera pa ulimi wa mbewu zina zomwe pa azaleya n'zoletsedwa. Choyamba ndi phulusa, chifukwa limachotsa asidi m'nthaka. Chachiwiri ndi laimu wa mtundu uliwonse, kuphatikizapo amene timapaka m'makoma ndi m'miyala ya m'mbali mwa njira. Chachitatu ndi dothi la pachulu, lomwe ndi lamakande ndipo nthawi zambiri limakhala ndi laimu wochuluka kuposa nthaka yozungulira. Chachinayi ndi zotsalira za omanga nyumba: zibuma za simenti ndi pulasitala zimene zimakwiriridwa m'mbali mwa maziko zimasungunuka pang'onopang'ono ndi kusintha nthaka. N'chifukwa chake azaleya wobzalidwa motsamira khoma la nyumba yatsopano kawirikawiri amakhala wodwaladwala. Musiyeni mtunda wosachepera mita imodzi kuchokera pa khoma kapena pa khonde la simenti.

Njira yodalirika yodziwira pH ya nthaka yanu ndi kuiyezetsa, ndipo mlangizi wa zaulimi wa dera lanu angakuuzeni m'mene mungatengere dothi ndi kumene mungalitumize. Koma ngakhale maso amathandiza. Ngati pafupi nanu tiyi ndi mitengo ya paini zikukula mosangalala, kapena ngati duwa la haidiranjiya limatulutsa maluwa abuluu, mwayi ulipo waukulu wakuti nthaka yanu ndi yoyenera.

Chachiwiri kwa asidi ndi kayendedwe ka madzi. Mizu ya azaleya ndi yopyapyala ngati tsitsi, ndipo yambiri imayenda pamwamba, osapitirira masentimita 30 kupita pansi. Ikakhala m'madzi odikha kwa masiku ochepa chabe imawola. Musanabzale, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lidzazeni madzi madzulo, ndipo mukaone m'mawa. Mukapeza madzi akadalimo, pamenepo musabzalepo mwachindunji. M'malo mwake undani bedi lokwera masentimita 20 mpaka 30 ndi dothi lopepuka losakaniza ndi masamba owola.

Kusankha malo pabwalo

Malo abwino ndi amene dzuwa limawomba m'mawa koma masana pamakhala mthunzi, monga kum'mawa kwa nyumba kapena pansi pa mitengo italiitali ya masamba apatalipatali. Dzuwa la tsiku lonse limawaula masamba ndi kufotetsa maluwa msanga. Mthunzi wandiweyani, monga wa pansi pa mango, umachititsa kuti chitsamba chitalike monyozoloka ndi kubereka maluwa owerengeka. Pewani kubzala pafupi ndi bulugamu ndi nsungwi, chifukwa mizu yake imamwa madzi onse a pamwamba. Pewaninso podontherera madzi a padenga ndi pa mpata wodutsa mphepo yamphamvu.

Mfundo ina ndi ya okhala m'malo otsetsereka. Popeza mizu yake siizama, azaleya sangagwire nthaka kuti isakokoloke. Pa ntchito imeneyo bzalani udzu wa vetiva ndi mitengo, ndipo azaleya aikidwe pa malo amene atetezedwa kale.

Kabzalidwe

Nthawi yabwino yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, kuyambira pakati pa Disembala mpaka Febuluwale. Nthawiyi ikugwera m'kati mwa nyengo yobzala mitengo ya dziko lino, yomwe imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, choncho makomiti angathe kuphatikiza ntchito ziwirizi. Mbande yobzalidwa nthawi imeneyi imakhala itagwira chilimwe chisanafike. Ambiri amakopeka kugula mu Seputembala poona maluwa ali mbuu pa nazale. Kugula nthawi imeneyo kuli ndi ubwino wake, chifukwa mumaona ndi maso mtundu wa maluwa amene mukugula, koma mbandeyo isungeni m'chubu chake pamthunzi, mukuithirira, kufikira mvula itagwa.

Posankha mbande, tengani ya masamba obiriwira bwino, ya nthambi zambiri zoyambira m'munsi. Yang'anani kunsi kwa masamba ngati kuli tizilombo. Ngati wogulitsa alola, suzumirani mizu: yabwino ndi yoyera kapena yotuwira, pamene yakuda ndi yonunkha ndi yowola.

Kumbani dzenje lotambalala kuwirikiza kawiri kapena katatu kukula kwa chubu, koma lakuya mofanana ndi chubucho basi. Dothi lapamwamba limene mwafukula lisakanizeni theka ndi theka ndi masamba owola bwino, makungwa a paini owola kapena kompositi wopanda phulusa. Ng'ambani chubu mosamala. Mukapeza mizu itapotana mozungulira ngati nkhata, imasuleni ndi zala kapena ichekeni pang'ono ndi mpeni m'mbali zitatu kapena zinayi, apo ayi idzapitiriza kuzungulira m'malo molowa m'nthaka yatsopano.

Ikani mbande m'dzenje mwakuti pamwamba pa dothi la m'chubu pakhale molingana ndi nthaka yozungulira, kapena patumphuke ndi masentimita awiri kapena atatu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tinazolowera kukwirira mbewu mozama ndi kuundira dothi pa tsinde monga tichitira ndi chimanga, koma azaleya akakwiriridwa khosi mizu yake imabanika ndipo amafa pang'onopang'ono. Tsenderani dothi ndi manja osati ndi mapazi, ndipo thirani madzi okwanira kheni imodzi. Pakati pa mbande ndi inzake siyani masentimita 60 mpaka 90, malingana ndi kukula kwa mtunduwo.

Kuphimbira ndi kuthirira

Mukatha kubzala, phimbirani nthaka ndi masamba a paini, makungwa ophwanya kapena masamba ouma, mochindikala masentimita 5 mpaka 8. Chophimbiracho chimasunga chinyezi, chimaziziritsa mizu, chimaletsa udzu, ndipo chikamawola chimadyetsa nthaka. Siyani kampata kokwana zala zitatu kuzungulira tsinde kuti lisawole ndiponso kuti chiswe chisapeze pokwerera. Onjezerani chophimbira kawiri pachaka, mvula ikamatha mu Epulo ndi kutentha kukamayamba mu Seputembala. Tikukumbutsa onse kuti nkhalango zotetezedwa zili ndi malamulo ake: musakatengemo masamba, makungwa kapena dothi popanda chilolezo cha a zankhalango.

Khasu lisayandikire tsinde la azaleya. Kupalira ndi khasu kumadula mizu ya pamwamba, yomwe ndiyo moyo wa chomerachi. Udzu uzulidwe ndi manja.

Pa kathiriridwe, cholinga n'chakuti nthaka ikhale yachinyezi nthawi zonse koma isachite matope. Pisani chala m'dothi pansi pa chophimbira. Mukamva kuuma, thirirani. M'miyezi yozizira kamodzi pa sabata n'kokwanira, koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa pamafunika kawiri kapena katatu pa sabata, makamaka pa zaka ziwiri zoyamba. Thirirani m'mawa, patsinde, osanyowetsa maluwa.

Mtundu wa madzi nawonso ngofunika. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Madzi a m'mijigo ina amakhala ndi laimu wambiri, ndipo mungawazindikire poona zoyera zimene zimakakamira m'kati mwa ketulo kapena poona kuti sopo sachita thovu msanga. Madzi otere akathiridwa kwa miyezi yambiri amachotsa asidi m'nthaka. Amene ali ndi denga la malata angakolole madzi a mvula m'migolo yovindikira bwino kuti udzudzu usaswanemo. Madzi otsukira mbale ndi ochapira zovala asathiridwe pa azaleya, chifukwa amakhala ndi sopo ndipo nthawi zina phulusa.

Feteleza ndi manyowa

Azaleya sadya kwambiri, ndipo ambiri amafa ndi feteleza wochuluka kusiyana ndi njala. Chaka choyamba musathire feteleza aliyense; masamba owola a m'dzenje ndi okwanira. Kuyambira chaka chachiwiri, thirani kamodzi maluwa akatha ndipo mvula yayamba. Feteleza woyenera mwa amene amapezeka m'masitolo athu ndi wa SA, chifukwa amawonjezera asidi m'nthaka. Wa CAN ali ndi laimu, choncho ngosayenera. Pa chitsamba chaching'ono thirani kachivindikiro kamodzi ka botolo la zakumwa, ndipo pa chachikulu tiwiri kapena titatu. Mwazani mozungulira kumene nthambi zalekezera, pa nthaka yonyowa, kutali ndi tsinde, kenako thirirani. Musathirenso feteleza mwezi wa Febuluwale ukadutsa, chifukwa chomera chimatanganidwa ndi masamba m'malo mokonza maluwa. Ndowe ndi zitosi zaziwisi zimawotcha mizu. Ngati mugwiritsa ntchito manyowa a ziweto, akhale owola kotheratu ndipo akhale ochepa.

Kudulira

Azaleya wamfupi ali ndi maonekedwe abwino mwachibadwa ndipo safuna kudulidwa kwambiri. Chofunika kudziwa ndi nthawi. Mphukira za maluwa a chaka chamawa zimayamba kupangika kunsonga za nthambi miyezi yochepa maluwa a chaka chino akatha, ndipo zimadikira pamenepo mpaka Ogasiti. Wodulira mu Epulo kapena mu Juni, pa nthawi imene timasadza mipanda ndi mitengo ina, amataya maluwa onse a chaka chimenecho, kenako n'kumadabwa kuti duwa lake ndi losabereka. Dulirani maluwa akangofota, mu Okutobala kapena Novembala, ndipo chaka chatsopano chikalowa mpeni usakhudzenso, kupatula pochotsa nthambi youma kapena yodwala.

Gwiritsani ntchito mpeni kapena sizasi yakuthwa ndi yoyera. Fupikitsani nthambi zimene zatalika kuposa zinzake, ndipo chotsani zopingasa m'kati kuti mpweya uzidutsa. Pa mbande yaing'ono, kutsina nsonga zanthete ndi zala kumachititsa kuti ichite nthambi zambiri. Chitsamba chakale chimene chatha masamba m'munsi chingadulidwe mpaka masentimita 30 kuchokera pansi kumayambiriro a mvula, ndipo chimaphukanso, ngakhale kuti chaka chotsatira maluwa amachepa.

Tizilombo ndi matenda

Mukaona masamba atachita timadontho totuwa pamwamba, atembenuzeni. Timadontho takuda tonyezimira kunsi kwake ndi chizindikiro cha kachilombo kakang'ono ka mapiko ngati ukonde komwe kamayamwa madzi a m'masamba. Ukonde wopyapyala ndi tinthu tofiira toyenda ndiye akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino. Tizilombo tonse tiwiri timachuluka pa chitsamba chimene chili padzuwa ndiponso chosowa madzi. Kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi kangapo pa sabata kumathandiza, ndipo zikapitirira funsani mlangizi musanagule mankhwala. Osapopera mankhwala pa maluwa omasula, kuopa kupha njuchi.

M'nyengo ya chinyezi masamba ena amatupa ndi kunenepa modabwitsa, kenako n'kuyera ngati athiridwa ufa. Amenewa ndi matenda a nkhungu. Thotholani masambawo asanayere ndi kuwatentha. Maluwa akachita mawanga ndi kusanduka phala m'masiku ochepa, achotseni pamodzi ndi amene agwa pansi. Matenda oopsa kuposa onse ndi kuwola kwa mizu: chitsamba chimafota ngakhale nthaka ili yonyowa. Chikafika pamenepo kuchira n'kovuta. Chizuleni, chitentheni, ndipo pamalopo musabzalenso azaleya musanakonze kayendedwe ka madzi.

Chenjezo kwa oweta ziweto ndi makolo

Gawo lino liwerengedwe ndi aliyense, ngakhale amene alibe cholinga chobzala maluwa. Ziwalo zonse za azaleya, masamba, maluwa ndi timadzi totsekemera ta m'maluwa, zili ndi poizoni wotchedwa grayanotoxin, yemwe amasokoneza mitsempha ndi kagundidwe ka mtima. Mbuzi, nkhosa, ng'ombe, akalulu, agalu ndi amphaka onse angathe kudwala. Mbuzi ndizo zili pa chiopsezo chachikulu kwathu kuno, chifukwa zimamasulidwa tikakolola, ndipo m'chilimwe msipu ukauma chitsamba chobiriwira chimazikopa. Masamba odzaza dzanja limodzi ndi okwanira kudwalitsa mbuzi.

Zizindikiro zimaoneka patangopita maola ochepa: kutuluka dovu, kusanza, kukukuta mano, kulira ndi ululu wa m'mimba, kudzandira ndi kufooka. Chiweto chimene chadya masamba ambiri chingathe kufa. Mukaona izi, chotsani ziweto zonse pamalopo, ikani chodwalacho pamthunzi, ndipo itanani mlangizi wa ziweto mwamsanga, mutatenga nthambi ya chomeracho kuti aione. Musachimwetse zinthu mokakamiza pamene chikusanza, chifukwa zingalowe m'mapapo.

Kupewa n'kosavuta. Azaleya abzalidwe m'kati mwa mpanda wolimba. Nthambi zimene mwadulira zisatayidwe kudzala kapena kuseri kwa mpanda kumene ziweto zimadya. Zikwirireni kapena zitentheni padera. Pa sukulu za mkaka ndi malo osewerera ana aang'ono ndi bwino kusankha maluwa ena, ndipo ana okulirapo aphunzitsidwe kuti asayamwe timadzi ta m'maluwawa monga achitira ndi maluwa ena a kutchire. Mwana akadya masamba kapena maluwa, thamangirani naye kuchipatala. Makomiti amene akubzala pa malo a anthu onse akambirane ndi mafumu ndi eni ziweto ntchito isanayambe, kuti duwa lisadzakhale chiyambi cha mlandu pakati pa anansi.

Alimi a njuchi angafunse za uchi. N'zoona kuti m'mapiri a kumpoto kwa Turkey, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea, kumene mitundu ina ya Rhododendron yadzaza mapiri athunthu, uchi wina umaledzeretsa ndi kudwalitsa. Wolemba mbiri wa ku Greece, Xenophon, anasimba za asilikali amene anadwala atadya uchi wotere cha m'ma 401 Yesu asanabadwe. Koma zimenezi zimachitika kumene njuchi zimadalira kwambiri maluwa amenewo. Zitsamba zochepa za pabwalo, pakati pa maluwa ena ambirimbiri, sizifika pa mlingo wotero.

Kuchulukitsa mbande

Amene ali ndi chitsamba chimodzi chabwino safunika kugulanso. Njira yoyamba ndi yodula timitengo. Pakati pa Disembala ndi Febuluwale, sankhani nthambi za chaka chomwecho zimene zayamba kukhwima, zopindika koma zosathyoka msanga. Dulani zidutswa za masentimita 7 mpaka 10, chotsani masamba a m'munsi, ndi kuzizika m'chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi masamba owola. Vindikirani ndi botolo la pulasitiki loonekera lodula pakati, ikani pamthunzi, ndipo musalole kuti dothi liume. Mizu imatuluka pakatha masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirirapo. Mbandezo zikhale m'nazale chaka chathunthu zisanapite pabwalo.

Njira yachiwiri ndi yochedwa koma siilephera kawirikawiri. Sankhani nthambi ya m'munsi, ikandeni pang'ono khungwa kunsi kwake, igonekeni pansi, kwirirani pokandapo ndi dothi lochepa, ndipo tsamizanipo mwala, nsonga itatulukira kunja. Pakatha pafupifupi chaka nthambiyo imakhala ndi mizu yakeyake, ndipo mungaidule kwa make ndi kukaibzala kwina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Magulu a achinyamata ndi amayi amene ali kale ndi nazale za mitengo angawonjezere duwali pa malonda awo, podziwa kuti mbande imatenga chaka kapena ziwiri isanafike pogulitsa, ndiponso kuti wogula aliyense ayenera kuuzidwa za kuopsa kwake ku ziweto.

Kubzala mumphika

Kwa amene nthaka yawo ndi yosayenera, kapena okhala m'nyumba za lendi, mphika ndiwo yankho. Sankhani mphika wadothi kapena chidebe chotambalala masentimita 30 mpaka 40, chobowola pansi. Miphika ya simenti yatsopano ipewedwe chifukwa cha laimu. Dzazani ndi magawo awiri a masamba kapena makungwa a paini owola, gawo limodzi la dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la mchenga. Mphika umauma msanga, choncho m'chilimwe uyang'aneni tsiku ndi tsiku, ndipo usakhale m'mbale ya madzi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, samutsirani chomeracho mumphika wokulirapo pang'ono maluwa akangotha.

Pempho la khonsolo

Azaleya wosamalidwa bwino amakhala zaka makumi angapo, moti chitsamba chimene komiti ya sukulu ingabzale mvula ikubwerayi chidzaonedwa ndi ana a ophunzira a lero. Tikupempha makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera kuti asanatulutse ndalama za gulu ayambe ayankha mafunso anayi: kodi dera lathu ndi lozizira mokwanira, kodi nthaka yathu ndi yoyenera, kodi mpanda ulipo, ndipo ndani adzathirira mu Okutobala sukulu ikaweruka. Ngati yankho la funso limodzi likukayikitsa, yambani ndi mbande ziwiri kapena zitatu, muone m'mene zichitire chaka chimodzi. Amene akufuna uphungu wina akumane ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa dera lawo, kapena apereke mafunso awo kudzera kwa khansala wa wodi yawo, ndipo ofesi ya zofalitsa nkhani idzawayankha m'kalata yotsatira.